Zojambula za m'phanga la kwathu zikufufutika, tichitenji mvula isanabwerenso?

NaBanda wa ku Kapata:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Chipata, ndimakhala ku Kapata, koma mchombo wanga uli ku Chadiza, mudzi wina chakufupi ndi malire a Mozambique. Dzina la mudziwo sindilitchula, chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli kaphiri ka miyala. Chapakati pake pali thanthwe lalikulu lowerama ngati khonde, loti anthu 20 akhoza kuusapo mvula osanyowa. Pakhoma la thanthwelo pali zojambula. Zina n'zofiira, mizere yozungulirazungulira ndi ina yonga makwerero, ndipo ambuya anga ankati zimenezo n'za Akafula, aja ankafunsa kuti "mwandionera pati?" Zina n'zoyera, zopakidwa ndi chala pamwamba pa zofiirazo, zooneka ngati chikopa cha nyama chokhomedwa pansi kuti chiume. Zoyerazo n'za amayi. Ambuya anandipititsako mu 1994 nditangotha msinkhu, ndipo zimene anandiuza pamenepo si zolemba pa intaneti, achembere amene mukuwerenga mukudziwa. Chimene ndinganene n'chakuti tsiku limenelo anandiuza kuti ndiziwerenge ndi chala m'mwamba osakhudza mwala, ndipo zoyerazo zinakwana 14.

Chaka chino titachoka ku Kulamba ku Mkaika ndinadzera kumudzi ndi mwana wanga wamkazi, ndinati nayenso akaone. Tinawerenga kawiri. Zatsala 9, ndipo mwa 9 zimenezo zitatu zatsala theka. Kuchokera pamwamba pa thanthwe patsika mkwasa wakuda wa madzi, wadutsa pakati penipeni pa zojambula, ndipo m'mbali mwake mwachita zoyera ngati mchere. Denga la phanga lada ndi mwaye. Pansi ndinatola timapalepale ta mwala topyapyala ngati chikamba cha dzira, kamodzi kali ndi utoto wofiira kumsana kwake. Ndinakabwezera pomwe ndinakatola. Mwanayo anandifunsa kuti "amama, ndiye izi zimene munkandiuza zija?" Ndinasowa pogwira.

Chimene chasintha ndikuchidziwa, sindikufuna woombeza. Kale pamwamba pa thanthwelo panali misuku, mombo ndi mkuyu umodzi waukulu, ndipo pansi pa mitengoyo panali dothi ndi udzu zimene zinkamwa madzi n'kuwatsitsira kumbali. Ndiye kunabwera ng'amba ya 2024. Kwathu mvula inadula mu Januwale, chimanga chinauma chitangomasula ngayaye, ndipo pofika pa 29 Febuluwale pamene a Pulezidenti Hichilema ankalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala, ife tinali titadziwa kale kuti nkhokwe zikhala zopanda kanthu. Anthu analowa m'phiri ndi nkhwangwa. Sindikuloza chala munthu wakutali, mlongo wanga weniweni anaotchako makala kumeneko. Mu Okutobala moto wa osaka mbewa unadutsa m'nthambi zouma zimene zinatsala, unalowa mpaka m'phanga. Kenako mvula itabwera inabwera ya mkokomo, inapeza phiri lili mbee, inakokolola kadothi konse ka pamwamba paja n'kudzipezera njira yatsopano. Njira yake ndi mkwasa wakuda uja.

Tsopano pakhomo pathu pali maganizo awiri. Mphwanga wina amene amamanga nyumba akuti tisonkhe ndalama tikhome malata pamwamba, ming'alu titseke ndi simenti. Amayi anga aang'ono, amene ndi anamkungwi a m'mudzi, akuti n'zathu zimenezi, dothi loyera akudziwa pomwe limakumbidwa, apita ndi anzawo akazibwereze zimene zafufutika. Ine mtima wanga uli pawiri. Ndiponso ndikuopa kuuza aboma, kuti malowo akadziwika kuyamba kubwera anthu olemba maina awo ndi makala pamwala monga ndaonera kwina.

Amene mukudziwa za zinthu izi, ndithandizeni. Novembala sali patali.

Mwale M.:

Amayi NaBanda, pepani kwambiri. Ndinaphunzirako za zinthu zakale ndipo mapanga a m'chigawo chino ndayendamo angapo, ndiye ndiyambe ndi chofulumira: mphwanuyo mumuthokoze chifukwa cha mtima wake, koma simenti ndi malata zisayandikire thanthwe limenelo. Simenti imakhala ndi mchere wake, ikanyowa mcherewo umalowa m'mwala n'kudzatulukira pomwe pali utoto. Kukhoma malata kumafuna kuboola mwala, ndipo malata amasonkhanitsa madzi n'kuwathira pamalo amodzi, mwina poipa kuposa pano. Musatsukenso mwayewo, musapukute ndi nsalu, musathire madzi kuti zioneke bwino pojambula ndi foni. Ambiri amaononga pofuna kukonza.

Mwaona kuti zofiira, zimene zili zakale kwambiri, zikupirira kuposa zoyera. Chifukwa chake n'chakuti utoto wofiira ndi wa mwala wa chitsulo woperedwa bwino, ndipo pa zaka zambirimbiri unalowerera m'khungu la thanthwe. Woyerawo ndi dothi, umangokhala pamwamba monga laimu pakhoma la nyumba. Ukanyowa umafufuma, ukauma umakhwinyata, ndipo zikachitika kambirimbiri umayoyoka. Zoyera zonga mchere zimene mwaona m'mbali mwa mkwasa ndi mcheredi, madzi amautenga m'dothi ndi m'phulusa n'kuusiya pamwala akamauma. Timapalepale mwatola tija ndi ntchito ya moto: mwala ukatentha kunja m'kati muli mozizira, khungu lake limasendeka. Chimenecho ndiye sichibwerera, madzi akatayika saoleka.

Anthu akamva za kusintha kwa nyengo amaganiza za madzi a ku Kariba ndi magetsi. Koma pamalo ngati anuwa kumafika motere: chilala chitalika, njala itumiza nkhwangwa, phiri livulidwa, moto utentha kuposa kale chifukwa zouma zachuluka, kenako mvula ya mwezi wonse igwa masiku atatu. Thanthwelo lapirira dzuwa ndi mvula kuyambira makolo, koma linkapirira litavala mitengo.

Musaganize kuti phanga lanu ndi laling'ono. Ku Chadiza komweko kuli Kalemba, kumene katswiri wa zinthu zakale David Phillipson anakumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 n'kupeza kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Kuli Thandwe, Makwe, Mkoma ndi Katolola, onse m'chigawo chathu chino. Kutsidya ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi zoyera zomwezi za chinamwali ndi za gule. Zanuzo ndi abale a zimenezo.

Za aboma musaope. Bungwe loona zimenezi ndi National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo lake la 1989 limateteza zinthu zakale za chisanafike chaka cha 1924, kaya zinalembedwa m'kaundula kaya ayi. Lembani kalata, amfumu asayinepo, muikemo zithunzi, ina yofanana musunge. Munenemo poyera kuti mudzi sukufuna chikwangwani pamsewu. Kulembetsa malo si kuitana alendo. Akatswiri ali ndi njira yoika kamzere kopyapyala ka silikoni pamwamba pa zojambula kuti madzi azidonthera kumbali, koma ndi ntchito yawo imeneyo, yofuna kuyamba aona mmene madzi akuyendera mvula ikugwa.

Zimene mudzi ungachite wokha sabata ino ndi zambiri. Chotsani udzu wouma ndi nkhuni zonse m'phanga ndi pakhomo pake. Lambulani mzere wotchinga moto kuzungulira thanthwe. Mbuzi ndi ng'ombe zisamause mmenemo, zimadzikhula pamwala. Pamwamba, kutali pang'ono ndi mlomo wa thanthwe, yalani mizere ya miyala yopingasa kuti madzi azifika atatopa ndipo dothi liyambenso kukhazikika. Koposa zonse, zitsa zimene zatsala zisazulidwe kapena kuotchedwa. Mombo ndi msuku zimaphukira pachitsa, ndipo mphukira ya pachitsa imathamanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa mizu yake ili kale pansi. Ndipo inu monga mphunzitsi, tengani rula, wina aigwire pafupi osakhudza mwala, mujambule mutaima pamalo amodzimodzi mvula isanayambe ndiponso ikatha, chaka ndi chaka.

Za kubwereza utoto, ine ndikuti ayi. Chatsopano chikakwera pamwamba pa chakale, chakalecho chatha, ndipo lamulo sililola kusintha popanda chilolezo. Koma ndine mwamuna, pali mbali ya nkhaniyi imene si yanga.

Chisale wa njinga:

Amayi, ine ndine mmodzi wa ootcha malasha, osati ku Chadiza koma mbali ya ku Chipangali. Ndawerenga ndipo mtima wandiwawa, koma ndikupempha musatione ngati mfiti.

Mu 2024 thumba la unga la 25kg linapitirira K300. Ine ndili ndi ana anayi ndi amayi okalamba, m'munda ndinatulukamo ndi ngolo yosadzaza n'theka lomwe. Nthawi yomweyo m'tauni magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, aliyense ankafuna malasha, ngakhale mabwana a nyumba za mipanda. Ndinkadzuka 3 koloko usiku, matumba atatu panjinga, kukankha m'zitunda mpaka ku Chipata. Palibe amene amachita zimenezo chifukwa chokonda. Utsi wa pa uvuni unandisiyira chifuwa chimene ndili nacho mpaka lero.

Ndiye a Mwale mukamati zitsa zisaotchedwe ndikuvomera, koma munenenso kuti chilala china chikabwera mlongo wawo wa amayiwa adzadya chiyani. Mukangoletsa, anthu adzapita usiku. Kwathu chimene chinathandizako pang'ono n'chakuti amfumu anagawa: uku dulani, uku ayi, ndipo mbali yoletsedwayo anatipatsa ife tomwe kuti tiikemo ming'oma ya njuchi. Munthu saotcha pomwe pali uchi wake. Ndipo ootcha malasha ndi amene amalidziwa phiri kuposa aliyense, njira za moto timazidziwa. Mzere wotchinga moto uja mukaitane iwowo akhale patsogolo, musawachititse manyazi pabwalo.

Nduna ya ku Katete:

Mwana wanga NaBanda, wachita bwino kubisa dzina la mudzi. Ine ndine nduna ya amfumu kuno ku Katete, zaka zanga zapitirira 70.

Ndikufunse: pamene anthu ankadula phiri lonse chaka cha njala chija, kumanda anadulako? Ndikhulupirira kuti ayi. Yenda kuchokera ku Sinda mpaka ku Vubwi, ukaona kamsitu kobiriwira pakati pa minda yoyera, dziwa kuti ndi manda. Palibe waya, palibe mlonda wolipidwa, palibe chikwangwani. Chimasunga mitengo imeneyo ndi mwambo, ndipo wodulako amadziwa kuti mlandu wake ndi mbuzi kapena kuposa. Phanga lanulo linavulidwa chifukwa linachoka m'mwambo. Amayi atasiya kupitako ndi anamwali, linasanduka mwala wamba. Kalata ya kuboma lembani monga anenera a Mwale, koma aboma adzabwera tsiku limodzi n'kubwerera. Amfumu akhale pansi ndi eni mbumba, alengeze pabwalo kuti kaphiri kameneko kalowa m'lamulo la kumanda, ndipo nkhaniyo ikafike kwa mfumu yaikulu ya dera kuti midzi yoyandikana nayo imve.

Ndionjezepo china chimene chimandisowetsa tulo. Gule Wamkulu anamulemekeza ku UNESCO mu 2005, ife ndi abale athu a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo chaka chilichonse timasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi anthu osawerengeka. Koma gule sakhala ku Mkaika, amakhala m'midzi. Za kudambwe sindinganene pano. Ndingonena zimene aliyense amaona: mwambo umafuna msitu, umafuna madzi pafupi, umafuna chimanga cha nsima ya anthu obwera ndi chimera cha mowa. Chaka cha chilala kwathu kuno ziliza zingapo zinaimikidwa chifukwa panalibe chophikira anthu. Mtengo woti n'kusema ng'oma yaikulu masiku ano umafunidwa ulendo wa tsiku lathunthu. Ndipo manda ena a m'mphepete mwa mtsinje, chigumula chayamba kudya m'mbali mwake, chaka chatha tinachita kukathira miyala ndi kubzala nsungwi. Ndiye nkhani yako si ya mwala umodzi.

Mnyamata wa njingayo wanena zoona. Mlongo wako usamudzudzule pagulu. Amfumu amupatse udindo woyang'anira zitsazo, udzaona.

Mdzukulu wa aNaphiri:

Ndikulembera ambuya anga, iwo foni saigwira. Ndi anamkungwi kuno mbali ya ku Kagoro. Ndawawerengera zonse ndipo akuti ndilembe motere.

Akuti a Mwale anena bwino kuti zakale zisapakidwe, koma chifukwa chawo n'china. Akuti dzanja limene linapaka pamwalapo ndi la munthu amene anagona kale, ndipo sungapite kukakonza mawu a malemu. Chimene chafufutika chapita ndi eni ake.

Koma akutinso musalire mwala kuiwala nyimbo. Pa chinamwali pali zoumba zimene amayi amaumba ndi dothi, mwambo ukatha amaziphwanya, ndipo palibe amene amalira chifukwa chaka chamawa adzaumbanso. Zimabwerera chifukwa zili m'mutu mwa anthu. Chojambula chilichonse pamwalapo chinali ndi nyimbo yake ndi mwambi wake. Akuti funsani amayi anu aang'onowo: mwa 14 zija, angaimbe zingati? Ngati akudziwa zonse, ndiye kuti zisanu zafufutikazo sizinafe. Ngati akudziwa zitatu zokha, ndiye kuti ngakhale aboma abwere ndi mankhwala otani, mudzasunga chikho chopanda madzi.

Akuti ngati manja akuwayabwa kufuna kupaka, apeze mwala wina wopanda kanthu chapafupi, apake pamenepo pamaso pa atsikana, ndi nyimbo zake. Akalewo asiyidwe apume.

NaBanda wa ku Kapata:

Zikomo nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna ndiyambe ndapita. Ndinakwera Lachisanu titaweruka, ndabwera dzulo.

A Nduna, munalasa. Kumanda kwathu sikunadulidwe ngakhale mtengo umodzi, ndipo nditanena zimenezo pamaso pa amfumu anakhala chete nthawi yaitali. Loweruka anaitanitsa bwalo. Sizinayende mosalala. Bambo wina ananena kuti ana ake sangadye zojambula, ndipo ena anaombera m'manja. Mkulu wina wa mpingo anati zimenezi n'zachikunja, zifufutike. Amene anatembenuza nkhani ndi mlongo wanga. Ine sindinamutchule, monga munandilangizira, koma anaimirira yekha n'kunena kuti mkuyu uja anadula ndi iyeyo, ndipo kuyambira tsiku limene ndinamuonetsa kampale ka utoto wofiira kaja sakupeza mtendere. Amfumu agamula kuti kuyambira pathanthwe kukafika pamtsinje wouma wa kumvuma, nkhwangwa ndi moto ayi, ndipo wolakwa alipira mbuzi. Mbali ya kumadzulo yatsala yotola nkhuni. Za njuchi, a Chisale, anyamata azikonda, koma ming'oma tilibe, ndiye ngati mukudziwa mmene munapezera yanu mundiuze.

Lamulungu titachoka kutchalitchi tinakwera anthu 17 ndi makasu. Talambula mzere, tatulutsa nkhuni ndi ndowe za mbuzi m'phanga, tayala mizere iwiri ya miyala pamwamba. Tinawerenga zitsa 43, ndipo 26 zaphukira kale. Cha mkuyu sichinaphukire. Zithunzi ndajambula ndi rula ya m'kalasi mwanga, ndipo pomwe ndinaima taikapo mwala wosongoka kuti mu Epulo ndidzaimenso pomwepo. Kalata amfumu asayina, ndikaipereka mawa.

Ambuya aNaphiri, funso lanu ndinawafunsa amayi aang'ono usiku tili awiri. Anawerenga ndi zala, anafika pa 8 n'kuima. Akuti zina ankazidziwa ndi ambuya anga aja, ndipo pali gogo mmodzi kumudzi wa kutsidya kwa dambo amene anavinidwa nawo limodzi, panopa saona koma mutu uli bwino. Dothi loyera aja alisiya. Tapangana kuti sukulu ikatsekera mu Disembala tipite kwa gogoyo atatu, ine, iwo ndi mwana wanga, titanyamula nkhuku ndi kashuga.

A Mwale, funso limodzi latsala. Mvula yoyamba ikagwa akatswiriwo asanabwere, mlongo wanga akuti akhoza kukaima m'phangamo n'kujambula kanema wa mmene madzi akutsikira. Kodi zimenezo zingawathandize, ndipo aime chakuti kuti mkwasa wonse uoneke?